Pulogalamu yathu inafera pa ka foni ka msungichuma

Chaka chatha tinachita manyazi pamaso pa azimayi 23 a pa msika wa Kapata, ndipo mpaka lero tikadutsa pa mzere wa ogulitsa tomato timayenda choweramitsa mutu. Azimayiwa ali ndi banki ya m'mudzi: amasonkha ndalama Lachisanu lililonse, amabwerekana, ndipo mu Disembala amagawana. Mmodzi wa iwo ndi azakhali a mnzathu. Anatidandaulira kuti kope lawo lolembamo masheya linali litanyowapo kawiri, ndipo masamu a chiwongoladzanja ankawadyera masiku atatu. Ife, anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi odziwako kulemba mapulogalamu, tinati amayi musavutike, tikukonzerani ka pulogalamu ka pa foni.

Tinakalemba miyezi iwiri. Pa laputopu kankayenda bwinobwino. Pa mafoni athu anayi kankayendanso, mpaka tinajambula kavidiyo n'kuika pa status, anzathu a ku Lusaka n'kutiwombera m'manja. Kenako tinakatumiza pa foni ya amayi osunga chuma cha gululo. Tinawaonetsa kawiri katatu, koma tinkawaonetsera pa foni yathu. Iwo anagwedeza mutu, ife tinapita.

Patapita milungu itatu anatiitanitsa. Ndalama za misonkhano itatu sizinkaoneka m'foni. Ena anali atayamba kale kunong'onezana kuti msungichuma wadya, mayi amene wasunga chuma cha gululo zaka zambiri osasowetsako ngwee imodzi. Titatenga foni yawo m'manja, koyamba, vuto tinaliona m'mphindi ziwiri. Foniyo ndi yaing'ono, ndipo iwo anakulitsa zilembo chifukwa maso anayamba kufooka. Akatsegula kiyibodi kuti alembe ndalama, batani lathu lakuti "Sungani" linkabisika pansi pake. Iwo ankalemba, kenako n'kudina kubwerera m'mbuyo, poganiza kuti zalowa. Palibe chinkalowa, ndipo pulogalamu sinkawachenjeza. Chinawapulumutsa ndi kope lija tinkaliseka. Sanasiye kulembamo, chifukwa mumtima sanatikhulupirire. Anachita bwino.

Tikulemba izi chifukwa sitili tokha. Ku Chipata kuno achinyamata ophunzira kulemba mapulogalamu akuchuluka, ena m'makoleji, ambiri pa YouTube usiku bandulo ikatchipa. Ndipo pafupifupi tonse tili ndi nthenda imodzi: timayesa chimene tapanga pa foni yathu yokha, n'kunena kuti chatha. Wina akafunsa, yankho limakhala lokonzeka kale, lakuti kuyesa pa zipangizo zambiri kumafuna ndalama, ndi za makampani aakulu, ife tilibe. Ife tikuti limeneli ndi bodza limene timadzinamiza nalo tokha. Ndalama tilibedi. Koma pa nkhani ya amayi aja sizinasowe ndalama. Foni yawo inali pa mtunda wa mphindi khumi kuyenda pansi kuchokera pamene tinkalembera, ndipo sitinapite kukaigwira.

Tivomereze kuti vutoli ndi lenileni, si ulesi wokha. Kuyambira 1995, pamene kampani ya Sun Microsystems inatulutsa Java, opanga zida zolembera mapulogalamu akhala akulonjeza kuti ulemba kamodzi chabe, chinthucho n'kuyenda paliponse. Lero lonjezo lomwelo timalimva kwa Flutter wa Google ndi React Native wa Meta. Zidazi n'zothandiza, ifenso timazisewenzetsa. Koma zimakuchepetsera kulemba, sizikuchepetsera kuyesa. Mu 2015 kampani ya OpenSignal inawerenga mitundu ya zipangizo za Android imene inali m'manja mwa anthu, n'kupeza yoposa 24,000, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mafakitale sanaleke kutulutsa ina. Android ndi imodzi dzina chabe. Kampani iliyonse imaisoka mwa njira yake, monga atelala khumi opatsidwa nsalu yofanana.

Manje tiyeni tione zimene zili m'matumba mwa anthu kuno. Imani pa siteshoni ya mabasi ya Kapata theka la ola, muziyang'ana manja a anthu. Mudzaona Tecno, itel ndi Infinix, onse ana a kampani imodzi ya Transsion ya ku Shenzhen, imene inalanda msika wa Africa ndi mafoni a masimu awiri, batire yokhalitsa ndi mtengo wofikirika. Ambiri mwa otchipa kwambiri amayendera Android Go, imene Google inatulutsa mu 2017 kaamba ka mafoni okhala ndi memori yochepa. Mudzaona Samsung wakale amene wadutsa m'manja mwa anthu atatu. Mudzaona Huawei, ndipo ngati ndi wa mitundu imene inatuluka America ataletsa kampaniyo kuchita malonda ndi Google mu 2019, mulibe Play Store, mulibe mamapu a Google, ndipo pulogalamu yanu yodalira zimenezo idzangoima chilili. Mudzaona iPhone mmodzi kapena awiri otumizidwa ndi achibale a ku Johannesburg. Ndipo mudzaona tumafoni ta mabatani tambirimbiri, timene sitilandira pulogalamu yanu ngakhale mutagwada.

Koma dzina la foni ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi moyo umene foniyo ikukhala. Foni ya wa pa msika ndi yodzaza mpaka pakamwa ndi mavidiyo a pa WhatsApp, a maliro, a ukwati, a kwaya, kotero pulogalamu yanu ikafuna malo osungira kanthu kakang'ono imakanidwa. Galasi linasweka pa kona, ndipo pa kona pomwepo ndi pamene inu munaika batani lofunika. Mwiniwake amaisewenzetsa padzuwa la Okutobala, pamene zilembo zanu zotuwa zokongola zija, zimene munazisankha usiku m'chipinda, sizioneka n'komwe. Ngati ndi ya batire yochotsa, ikagwa pansi deti limabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo foni yosokonekera deti imakana mawebusayiti otetezedwa. Anthu ambiri anazimitsa zoti foni izidzikonza yokha, poopa kuti idya bandulo, kotero kachipangizo kake kotsegulira masamba a intaneti ndi kakalekale. Palinso mafoni amene Android yake ndi yakale kuposa 7.1.1. Amenewa sazindikira chiphaso cha Let's Encrypt, chimene mawebusayiti ambiri amasewenzetsa chifukwa n'chaulere, ndipo njira imene inkawathandiza kuti azichilandira inatha mu 2024. Kwa inu tsamba likutseguka. Kwa ambuya a ku Mchini likulemba chenjezo lofiira loopsa.

China chimene sitiganizira n'chakuti kuno pulogalamu siyenda kudzera pa Play Store pokha. Imayenda ndi Xender, SHAREit kapena Bluetooth, kuchoka pa foni ina kupita pa ina, kapena kwa mnyamata wa pa kantemba woika nyimbo. Tanthauzo lake n'lakuti chimene munatulutsa mu Malichi, chokhala ndi cholakwa chimene munakonza mu Epulo, chidzakhala chikuyendabe m'makomboni chaka chamawa. Ngati seva yanu imangomvana ndi pulogalamu yatsopano yokha, mwatsekera anthu amenewo kunja osadziwa.

Ndiye pali netiweki. MTN inayamba 5G m'Zambia mu 2022, Starlink inafika mu 2023, ndipo tikamva zimenezi timayamba kulemba ngati dziko lonse lili pa liwiro lomwelo. Kwerani motoka ya ku Chadiza kapena ku Vubwi muone mmene kachilembo ka pamwamba pa foni kamatsikira mpaka pa E, kenako n'kuzimiratu kuseri kwa phiri. Pa netiweki yotere munthu akadina "Tumizani" ndipo palibe chikuoneka, amadinanso. Aliyense amatero, ngakhale ife. Ngati simunaganizire zimenezo, ngongole imodzi imalembedwa kawiri, ndipo mawa kuli mlandu. Fikani cha ku Mwami, pafupi ndi malire, foni nthawi zina imalumphira pa netiweki ya ku Malawi yokha. Za malaiti sitichita kukumbutsana. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, tinkakhala mumdima maola 17 kapena kuposa pa tsiku, ndipo aliyense anaphunzira kuika foni pa njira yopulumutsa batire. Foni ikakhala motero imapha mapulogalamu amene sakuoneka pa galasi. Uthenga wanu wokumbutsa munthu kubweza ngongole sufika, ndipo inu mumaganiza kuti waunyalanyaza.

Mbali imene imatipweteka mtima kwambiri ndi ya chinenero chathu ndi mayina athu. Titakonza batani lija, tinapeza kuti mayi wina wa m'gululo sankapezeka tikafufuza dzina lake. Dzinalo lili ndi kachizindikiro ka pamwamba, monga mmene alili mayina a Ng'oma, Ng'uni kapena Ng'andu. Kachizindikiroka kali mitundu iwiri, koongoka ndi kopindika. Kiyibodi ina imaika aka, ina imaika ako. iPhone imakonda kuika kopindika yokha. Kwa munthu ndi dzina limodzi, kwa kompyuta ndi mayina awiri osiyana. Ndipo ngati pulogalamu inalembedwa mosasamala, kachizindikiro komweko kangathe kusokoneza lamulo lonse lopita ku nkhokwe ya zinthu zosungidwa. Mtsikana wa m'gulu lathu ndiye anazipeza, atakhala usiku wonse. Tinkaphunzira kuchokera ku zitsanzo za John Smith, n'kuiwala kuti makasitomala athu amakamba Chinyanja, chimene "ng'" ali paliponse: ng'ombe, ng'anga, pang'ono.

Pa SMS nkhani yake imakhudza thumba mwachindunji. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160 ngati zonse zili m'gulu la zilembo zimene netiweki imazidziwa kuyambira kale. Mukaikamo ŵ wa kachipewa, monga amene ena amalemba mu "Malaŵi", kapena kachizindikiro kopindika kaja, uthenga wonse umasintha kalembedwe n'kuyamba kunyamula zilembo 70 zokha. Chimene munkaganiza kuti ndi uthenga umodzi chimasanduka atatu, ndipo mumalipira katatu. Pa anthu 23 si kanthu. Pa kopaletivu ya alimi mazana angapo, mwezi uliwonse, ndi ndalama ya feteleza.

Zina n'zazing'ono koma zimagwetsa. Nambala ya NRC ili ndi timizere tiwiri topendekera, ndipo pa mafoni ena kiyibodi ya manambala okha ilibe kamzere kameneko. Mzinda wathu umachita malonda ndi Mchinji ndi Lilongwe tsiku lililonse, koma fomu yathu imangolandira manambala a +260, n'kukana a +265. Maiko onse awiri ndalama yake ndi kwacha, ndipo "K500" wa kuno ndi "K500" wa kutsidya ndi zinthu zotalikirana kwambiri. Komanso ngakhale boma linachotsa maziro atatu pa ndalama yathu mu Januwale 2013, akuluakulu ena akanali kunena "faifi pini" pa K5. Muwapatse bokosi lolembamo ndalama popanda kuwafunsanso kuti atsimikize, muone chimene chidzalowemo.

Tsono kodi zonsezi tingaziyese bwanji tilibe ndalama? Makampani ngati BrowserStack, imene inayambira ku Mumbai mu 2011, amabwereketsa mafoni enieni pa intaneti, koma amalipiritsa madola mwezi uliwonse, ndipo ambiri a ife ngakhale khadi lolipirira tilibe. Zaulere zilipo ndithu, ndipo n'kupusa kusazitenga. Firebase Test Lab ya Google imalola kuyesa kangapo pa tsiku osalipira. Samsung ili ndi Remote Test Lab yake. Mu Chrome muli malo amene mungachepetsere liwiro la intaneti dala n'kuona tsamba lanu likukwawa. Playwright imayendetsa tsamba lanu pa injini ya WebKit, imene Safari ya Apple imayendera, ngakhale laputopu yanu ndi ya Windows kapena Linux. Koma tikambe zoona. Mafoni a m'malabu amenewo ali m'nyumba zozizira kutali, batire yodzaza, intaneti yothamanga, galasi losasweka, ndipo palibe mayi wotopa amene akuwadina ndi chala chonyowa ndi madzi a ndiwo. Akuuzani ngati pulogalamu ikugwa potsegula. Sakuuzani kuti batani labisika kwa munthu amene anakulitsa zilembo, pokhapokha mutadziwa kale kuti muyenera kuyesa zimenezo. Ndipo Android Studio ndi foni yake yoyerekezera imafuna memori ya 16GB kuti ipume. Laputopu ya salaula imene ambiri tili nayo imangolira fani.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Foni imene muli nayo mungaisandutse yosauka m'mphindi zisanu. Lowani m'makonzedwe ake, dinani kasanu ndi kawiri pa "Build number", ndipo mudzatsegula malo a olemba mapulogalamu. Mmenemo muli "Don't keep activities". Mukayatsa chimenecho, foni yanu iyamba kuiwala tsamba lililonse mukangochokapo, monga mmene foni ya memori yochepa imachitira munthu akatuluka pang'ono kukaona SMS ya nambala yachinsinsi. Ife titayatsa koyamba tinapeza kuti fomu yathu yonse inkafufutika. Ikani netiweki pa 2G yokha. Kulitsani zilembo mpaka pamapeto. Sokonezani deti. Zimitsani intaneti pakati pa kutumiza. Tulukani panja masana. Zonsezi n'zaulere, ndipo ndi masana amodzi chabe.

Koma labu yeniyeni ya Chipata ilipo kale, ndipo sinamangidwe ndi boma kapena bungwe. Ili pa mabenchi a okonza mafoni, ku Kapata, ku Down Shops ndi ku Saturday Market. Wokonza mafoni aliyense ali ndi katoni ya mafoni amene eni ake sanabwere kudzatenga, ena ongofa maikolofoni, ena osweka galasi koma oyaka. Kwa iye ndi zotsalira. Kwa ife ndi chuma. Komanso m'mutu mwake muli zimene palibe lipoti la pa intaneti lingakuuzeni: foni iti ikugulidwa kwambiri chaka chino, iti imatentha, iti imadzaza msanga. Ife tinagula atatu otere pa mtengo wosafika wa foni imodzi yatsopano yotchipa, ndipo ali m'katoni ya nsapato. Ganizo limeneli silathu. Mu 2012 ku Brighton, ku England, wolemba mawebusayiti wina dzina lake Jeremy Keith anaitana anzake kuti azibwera kudzayesa ntchito zawo pa mafoni ochepa amene anali pa ofesi yawo ya Clearleft. Anthu anayamba kubweretsa mafoni awo akale, ndipo malabu otere anafalikira m'mizinda yambiri. Ngati a ku England, amene ndalama ali nazo, anaona kuti n'kwanzeru kusonkherana, nanga ife amene chilimba tinabadwa nacho? Magulu asanu a achinyamata, gulu lililonse mafoni awiri, shelefu imodzi pa malo amene pali sola. Sitifunika kudikira CDF kuti tichite zimenezo.

Ndipo pali mafoni a anthu eni ake, amene ndiwo ofunika koposa. Apa tiyenera kusamala. Foni ya munthu ndi nyumba yake: muli zithunzi za ana, mauthenga a banja, ndalama za pa foni. Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ife tinadziikira lamulo lakuti foni siichoka m'manja mwa mwiniwake. Timakhala pambali, timawapempha kuti alembe ngongole ya munthu wongopeka, ndipo timatseka pakamwa. Kutseka pakamwa ndiko kovuta. Ukaona amayi akusakasaka batani, dzanja limayabwa kufuna kuwalozera. Koma ukangoloza, mayeso atha, chifukwa Lachisanu iwe sudzakhalapo. Tikamaliza timawabwezera bandulo imene tadya, ndi kena kake ka nthawi yawo. Theka la ola la wogulitsa pa msika ndi makasitomala amene adutsa. Tisazolowere kutenga nthawi ya osauka kwaulere kwinaku tikudandaula kuti a ku Lusaka amafuna ntchito yathu kwaulere.

Wina adzati zimenezi ndi za anthu ovutika, makampani enieni sachita choncho. Amachita. Mu 2015 Facebook inayambitsa chimene inachitcha 2G Tuesdays: Lachiwiri lililonse antchito ake ankapatsidwa mwayi wosewenzetsa intaneti yochedwa ngati ya 2G kwa ola limodzi, kuti amve mmene anthu a maiko ngati athu amamvera. Chaka chomwecho inatulutsa Facebook Lite, imene poyamba sinkafika ngakhale 1MB. Ndipo pulogalamu yawo ya Internet.org anayambira kuitulutsa kuno ku Zambia, mu Julayi 2014, pamodzi ndi Airtel. Kaya zolinga zawo munthu azikonda kapena ayi, anthu aja ku California ankachita kuyerekezera chimene ife tili nacho pakhomo. Iwo ola limodzi pa mlungu, ife tsiku lililonse. Ndi chinthu chimodzi chokha chimene timawaposa, ndipo timachitaya pofuna kuoneka ngati iwo.

Pali kutsutsa kwina kumene kuli ndi nzeru, ndipo sitikufuna kukuzemba. Mnzathu wina amati simungayese foni iliyonse, mukayamba kuthamangitsa foni ya aliyense simudzatulutsa kanthu, ndipo kusamalira mafoni akale kumadya nthawi imene mukanapangira zatsopano. Akunena zoona. Pali malire, ndipo aliyense ayenera kuwaika. Chimene tikukana ndi kuika malirewo mwangozi, potengera foni imene ili m'thumba mwako. Ngati mwasankha kuti Android yakale kuposa yakutiyakuti simuithandiza, sankhani mutawerenga kuti m'gulu la anthu amene akulipirani ndi angati amene mwawasiya, ndipo muwauze pamaso musanalandire ndalama. Mwa azimayi athu 23, titachita kufunsa mmodzimmodzi, amene anali ndi foni yoti n'kulandira pulogalamu sanafike theka. Funso limenelo tinayenera kulifunsa tsiku loyamba. Mwina tikanaona kuti chofunika si pulogalamu ya aliyense, koma ya msungichuma yekha, ndipo enawo azingolandira SMS yonena zimene asonkha.

Taonani zinthu zimene zimagwiradi ntchito m'dziko muno. Ndalama za pa foni zinafika kumidzi chifukwa cha *115#, imene imayenda pa foni ya mabatani ndi pa iPhone mofanana, popanda bandulo. Zotsatira za mayeso a ECZ makolo amazifunsa potumiza SMS ku 8383. USSD ndi yosakongola, tsamba lake silidutsa zilembo 182, ndipo palibe amene adzakuwombereni m'manja pa status chifukwa cha iyo. Koma ndiyo imene imayendadi paliponse kuno, kuposa lonjezo lililonse la Java kapena Flutter.

Za iPhone tingonena mwachidule. Kuti muike pulogalamu m'sitolo ya Apple mumalipira madola 99 chaka chilichonse, pamene Google imalipiritsa madola 25 kamodzi kokha, ndipo zida za Apple zomangira pulogalamu zimayenda pa Mac. Ngati makasitomala anu ndi malo ogona alendo opita ku Mfuwe, mulibe kothawira, lipirani. Ngati ndi a pa msika, pangani tsamba la intaneti lopepuka, mubwereke iPhone ya msuweni wanu madzulo amodzi muone ngati likutseguka bwino, basi. Tawaona anzathu akuvutikira iPhone miyezi, pamene amene ali nayo pa makasitomala awo ndi bwana yekha. Inde, bwanayo ndiye amasaina cheke, ndipo m'pamene pagona vuto: pulogalamu zambiri zimayesedwa pa foni ya wolipira, osati ya wosewenzetsa.

Ngakhale Google yomwe inatopa nafe. Amene anatsegula akaunti yake ya Play Console pambuyo pa 13 Novembala 2023 saloledwa kutulutsa pulogalamu kwa anthu onse asanaiyese ndi anthu ena kwa masiku 14. Poyamba ankafuna anthu 20, kenako mu Disembala 2024 anatsitsa kufika pa 12. Ambiri a ife timaona lamuloli ngati chipata cha apolisi, ndipo timadutsa mwa njira yomwe mukuidziwa: timasonkhanitsa anzathu 12 a m'kalasi, onse a mafoni abwino, amatsegula kamodzi n'kuiwala. Anthu 12 omwewo mukanawasankha wina wa ku Nabvutika, wina wa ku Magazine, wina woyendetsa njinga yonyamula anthu, wina mphunzitsi wa ku Kasenengwa, mukanakhala ndi labu imene ndalama sizingagule.

Mawu ena apite kwa inu amene mumagula ntchito zathu, a masukulu, a makopaletivu, a matchalitchi, a mashopu. Mnyamata akabwera ndi laputopu kudzakuonetsani, musaone pa laputopu. Muuzeni aike pa foni ya munthu amene adzaisewenzetse tsiku ndi tsiku, kalaliki kapena wa pa kauntala, ndipo munthuyo agwire yekha, inu mukuona. Gawo lomaliza la malipiro lidikire mwezi umodzi. Tikudziwa kuti tikudzitchera msampha tokha polemba izi, ndipo anzathu ena satipatsa moni. Koma wachinyamata mmodzi wa ku Chipata akagulitsa chinthu chosayesedwa, amene amalipira ndi tonse, chifukwa ulendo wotsatira ntchito imapita ku Lusaka, ndipo anthu amati ana a kuno sadziwa kanthu. Kulakwa kumachitika kulikonse. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya CrowdStrike inatumiza kachinthu kolakwika kamene kanagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zinaima, zipatala zinasokonezeka. Kampaniyo ikalipo, ili ndi maloya. Ife tili ndi dzina lokha, m'tauni imene aliyense amadziwa amayi ako.

Tinapita kukapepesa kwa amayi osunga chuma pamaso pa gulu lonse, chifukwa kunong'onezana kuja kunachitikira pagulu. Tinafotokoza kuti cholakwa chinali chathu, n'kuonetsa batani lobisika lija pa foni yawo, aliyense n'kuona. Ena anaseka, mmodzi anatifunsa ngati kusukulu kwathu amaphunzitsa kubisa zinthu. Lomba batani la "Sungani" lili pamwamba, ndi lalikulu, ndipo ndalama ikalowa foni imalemba dzina ndi kuchuluka kwake m'zilembo zakuda bii. Tikasintha kanthu, tisanatumize kwa aliyense, mmodzi wa ife amapita ku msika Lachinayi masana, makasitomala akachepa, n'kukhala pa kabenchi pambali pawo. Mlungu watha anatipezera cholakwa china: mayi akabweza ngongole yoposa imene anatenga, pulogalamu imangolandira osafunsa. Anatiuza akusankha tomato, osatiyang'ana n'komwe. Kope lija akanali kulembamo, ndipo tinawagulira lina la chikuto cholimba ndi pulasitiki yolikutira.